Galimoto za m'thengo zogwirapo kale nchito: zofunika kudziwa wogula wa m'makomboni a Lusaka

LUSAKA – Dzinja likakhazikika, misewu yambiri ya m'makomboni a Lusaka imasanduka mitsinje. Ku Kanyama, kumene malo ndi athyathyathya ndipo pansi pake pali thanthwe la miyala ya laimu, madzi amakhalitsa osaphwa, ndipo akulu-akulu akali kukumbukira tsoka la kusefukira kwa madzi la mu 1978. Mbali zina za Chawama ndi George nazonso zimakumana ndi vuto lomweli. Ici ndico cifukwa cake anthu ambiri akapeza ndalama amafuna galimoto yaitali, ya mtundu umene amalonda amaucha SUV, kuti iziwapereka ku nchito tsiku ndi tsiku, iwafikitse kumudzi, ndiponso nthawi zina akagone nayo ku msasa m'nkhalango za nyama.

Koma nchito zitatuzi sizifuna galimoto yofanana. Ulendo wa m'thengo umacitika kawiri kapena katatu pa caka, pamene mafuta ndi masipeya zimadya ndalama mwezi uliwonse.

Galimotozi zili m'magulu awiri, ngakhale kuti kunja zimaoneka ngati zofanana. Gulu loyamba ndi la zimene zili ndi giya yotsika, yolembedwa 4L kapena L4, imene imapatsa mawilo onse anayi mphamvu zoyenda pang'ono-pang'ono m'matope, mu mcenga ndi pa zitunda. M'gululi muli Toyota Land Cruiser Prado, Hilux Surf ndi Mitsubishi Pajero. Gulu laciwiri ndi la Toyota RAV4, Harrier, Nissan X-Trail ndi Honda CR-V. Izi zinapangidwira misewu ya tala, zilibe giya yotsika, ndipo zambiri zocokera ku Japan zimakoka ndi mawilo akutsogolo okha. Wogula asakhulupirire zilembo za pa citseko cakumbuyo. Makanika agone pansi aone ngati pali shafiti yopita ku mawilo akumbuyo. Ngakhale Toyota Fortuner yocokera ku South Africa ili ndi mitundu yokoka ndi mawilo awiri cabe.

Munthu wa ku Mtendere amene amagwira nchito m'tauni ndipo kwawo ndi pafupi ndi msewu waukulu safunikira Prado. Msewu wa Great East ndi wa tala kucokera ku Lusaka mpaka ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 570, ndipo tala imapitirira mpaka ku Mfuwe, pa khomo la nkhalango ya South Luangwa. Galimoto ya gulu laciwiri imafika bwino ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika mu August. Zinthu zimasintha pamene mudzi uli kutali ndi tala, makamaka m'cigwa ca Luangwa, kumene dothi la makande likanyowa limamata matayala mpaka kuwasandutsa mipira yoterera. Cimodzimodzi mcenga wa ku Liuwa, kupitirira Kalabo, ndi njira yotsika mapiri kucokera ku Leopards Hill kupita ku Lower Zambezi: kumeneko giya yotsika ndi yofunika ndithu.

Pa nkhani ya injini, m'pomwe ogula ambiri amapsa zala. Prado ya mtundu wa 90, yopangidwa kucokera mu 1996 mpaka 2002, pamodzi ndi Hilux Surf za zaka zimenezo, kawiri-kawiri zili ndi injini ya dizilo ya malita 3 yochedwa 1KZ-TE. Ndi injini yamphamvu imene amakanika ambiri amaidziwa, koma ikatentha mopitirira, mutu wake umang'aluka, ndipo kuukonza kumafuna ndalama zambiri. Conco wogula ayendetse galimotoyo kwa nthawi yaitali, aiimitse injini ikulira monga zimakhalira pa mzere wa magalimoto pa Lumumba Road madzulo, ndipo ayang'anitsitse singano ya kutentha. Thovu m'madzi a rediyeta kapena utsi woyera wosaleka ndi cizindikiro cakuti asiye. Injini za dizilo za m'zaka zapambuyo pake zimamwa mafuta ocepa, koma sizipirira dizilo yauve kapena yosakanizika ndi madzi, monga ina yogulitsidwa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Injini ya petulo ya malita 2.7, yofala mu Prado zocokera ku Japan, sivuta kukonza, kungoti imaona ulesi pa citunda ikasenza katundu ndipo imamwa kwambiri m'tauni. Boma linacotsa thandizo pa mitengo ya mafuta mu December 2021, ndipo mu 2022 bungwe la Energy Regulation Board linayamba kuunika mitengoyo mwezi ndi mwezi. Wogula awerengere mafuta a caka conse asanapereke ndalama.

Madzi a m'komboni amene akukakamiza munthu kugula galimoto yaitali ndiwo amaiwononganso. Injini ikakoka madzi m'malo mwa mpweya imafa pomwepo. Mafuta a m'difu akalowa madzi amaoneka ngati tiyi wa mkaka. Pa galimoto imene yakhalapo kale mu Lusaka, nkofunika kutukula makapeti ndi kununkhiza: matope ouma pansi pa mipando ndi fungo la cinyontho zimaulula kuti inamirapo. Pa yocokera kunja, ca kuopa ndi dzimbiri pa chasisi, makamaka ngati inali ku madera ozizira kumene amathira mcere m'misewu. Penti yakuda yatsopano kunsi kwa galimoto yakale ifunika kufunsidwa bwino.

Masipeya a Toyota amapezeka mosavuta m'masitolo a m'tauni ndiponso kwa ophwasula magalimoto. Kampani ya Mitsubishi inaleka kupanga Pajero mu 2021, ndipo Hilux Surf inasiya kugulitsidwa ku Japan mu 2009. Zimenezi sizitanthauza kuti masipeya anatha, koma nkwanzeru kufunsa mtengo wa mashokabu, ma injekita ndi giyabokosi m'masitolo atatu usanagule, osati galimoto itafera kale pa khomo.

Woitanitsa ku Japan adziwe kuti mtengo wa pa intaneti ndi ciyambi cabe. Galimoto zambiri zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Nakonde, zina pa Durban kapena Walvis Bay. Bungwe la Zambia Compulsory Standards Agency limafuna kuti galimoto ipimidwe isanakwezedwe m'combo. Kuyambira mu 2018, Zambia Revenue Authority imalipiritsa msonkho woikika malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo palinso msonkho wa utsi umene umakwera injini ikakula. Pepala la ku Japan lotulutsira galimoto limalemba makilomita amene inali nawo pa kupimidwa kwake, motero lingathandize kugwira mita yobwezedwa m'mbuyo.

Wogula kwa munthu mu Lusaka ayerekeze manambala a injini ndi a chasisi ndi olembedwa mu white book ya Road Transport and Safety Agency, aone kuti dzina ndi la wogulitsayo, ndiponso apite ku polisi akatsimikize kuti galimotoyo si yobedwa. Kusintha dzina kucitike msanga. Aganizirenso kogoneka galimotoyo, pakuti tinjira tambiri ta m'makomboni n'topapatiza ndipo eni magalimoto ambiri amalipira malo oimika usiku.

Za ku msasa siziculuka. Owocerera zitsulo a ku Kalingalinga, m'mbali mwa Alick Nkhata Road, angapange coikapo katundu pa denga, koma zigubu za madzi ndi mafuta ziikidwe pansi m'kati, cifukwa kulemera pamwamba kumagubuduza galimoto yaitali pa ngodya. Tayala lapadera labwino, jeke, fosholo, cingwe cokokera ndi pampu ndizo zoyamba kugula. Apolisi pa msewu amafunanso ma triangle awiri ndi zonyezimira, zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo. Olowa m'nkhalango amalipira ku Department of National Parks and Wildlife, ndipo madera ena, monga cidikha ca Busanga mu Kafue, amamira m'dzinja ndipo galimoto zimafikako m'cilimwe mokha.