Kukiya thireyi ya chimbale pakompyuta

Makompyuta ambiri omwe adakagwirabe ntchito m'maofesi ndi m'makomo, makamaka malaputopu akale, ali ndi thireyi yolowetsera zimbale za CD ndi DVD. Palaputopu batani lotulutsira thireyiyo limakhala m'mbali, pamalo pomwe dzanja kapena bondo limagunda mosavuta. Thireyi ikatuluka mwangozi sichedwa kuthyoka, poti ndi yapulasitiki yopyapyala. Nayenso mwana akangozindikira kuti batanilo limatulutsa kanthu, salisiya.

Kukiya thireyi ndi kuletsa batanilo kugwira ntchito popanda kumasula chilichonse. Izi zimatheka chifukwa batani silitsegula thireyi palokha. Limangopempha, ndipo chovomera kapena kukana ndi kapulogalamu kokhala m'kati mwa drive. Kompyuta ikatumiza lamulo lotchedwa PREVENT ALLOW MEDIUM REMOVAL, limodzi mwa malamulo a SCSI, drive imanyalanyaza batani mpaka itauzidwa kuti imasule. Mapulogalamu ojambulira zimbale amatumiza okha lamuloli, chifukwa chimbale cha CD-R chikatuluka kujambula kuli m'kati chimawonongeka, ndipo sichingafufutidwe kuti chijambulidwenso.

Mu Linux ntchitoyi ndi yapafupi. Mutsegule terminal ndi kulemba eject -i on /dev/sr0 kuti mukiye, kapena eject -i off /dev/sr0 kuti mumasule. Dzina lakuti sr0 likuimira drive yoyamba. Yachiwiri, ngati ilipo, ndi sr1.

Komabe ambiri amadabwa kuona thireyi ikutuluka ngakhale alemba lamuloli molondola. Nthawi zambiri gwero lake ndi udev, pulogalamu yoyang'anira zipangizo m'mitundu ya Linux yogwiritsa ntchito systemd, monga Ubuntu ndi Fedora. Batani likadinidwa, drive imakanadi kutsegula koma imadziwitsa kompyuta kuti wina wapempha. Udev ikamva, imamasula loko ndi kutulutsa thireyi yokha. Khalidweli lidalembedwa mufayilo ya 60-cdrom_id.rules, pamzere wokhala ndi mawu akuti DISK_EJECT_REQUEST. Njira yake ndi kukopera fayiloyo ku /etc/udev/rules.d ndi kuika chizindikiro cha # kumayambiriro kwa mzerewo. Kusintha fayilo yoyambirira n'kutaya nthawi, popeza kompyuta ikalandira mapulogalamu atsopano imaibwezera momwe idalili.

Windows ilibe malo oti munthu adine n'kukiya thireyi. Njira ilipo, yotchedwa IOCTL_STORAGE_MEDIA_REMOVAL, koma adaikonzera olemba mapulogalamu. Choncho wogwiritsa ntchito Windows amafunika kapulogalamu kapadera, ndipo ayenera kusamala komwe akukatenga, pakuti timapulogalamu taulere ta paintaneti nthawi zina timabwera ndi mavayirasi.

Loko ameneyu sakhalitsa. Kompyuta ikazimitsidwa kapena magetsi akathima, drive imaiwala lamulo lija ndipo batani limayambiranso kugwira ntchito. Wofuna kuti thireyi izikhala yokiya nthawi zonse ayenera kukonza kuti lamulolo liziperekedwa kompyuta ikamayaka.

Ndiponso lokoyu sangaletse munthu wofunitsitsa kutenga chimbale. Kumaso kwa thireyi zambiri kuli kabowo kakang'ono, ndipo kulowetsamo kawaya kopanira mapepala kowongoledwa kumakankha thireyi mwachindunji, kaya ndi yokiya kaya ayi. Kabowoko adakaika kuti chimbale chizitha kutulutsidwa drive ikafa kapena magetsi akasowa. Musanatero muzimitse kaye kompyuta, chifukwa chimbale chomwe chikuzungulirabe chikhoza kukandika potuluka.