Nsalu iyambe yamwa madzi

Agogo anga aakazi, amene anabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Banket, sankalola kuti nsalu yatsopano ikumane ndi sizasi isanagone m'madzi. Ankaiviika usiku wonse, m'mawa n'kuichapa, kuiyanika, kuisita, kenako n'kupita nayo kwa telala. Ife tinkati ndi kuumira kwa nkhalamba, komatu mwambowu uli ndi mbiri yake.

Nsalu ya thonje ikamaombedwa pa makina, ulusi wake umakokedwa zolimba, ndipo umapakidwa sitachi kuti usaduke. Ikalowa m'madzi koyamba sitachiyo imasungunuka, ulusi n'kubwerera mwakale, nsalu n'kufupika. Amalonda anaona phindu pamenepa. Kuyambira m'ma 1830 zombo zochokera ku Salem ku America zinkatsitsa ku Zanzibar nsalu yoyera yolimba, imene inatchedwa merikani, ndipo inafika mpaka kunyanja kwathu kudzera mwa amalonda achiyao. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America, kuyambira 1861 mpaka 1865, itadula thonje, mafakitale ambiri a ku Lancashire anayamba kunenepetsa nsalu yopyapyala ndi sitachi wosakaniza ndi dongo loyera. M'sitolo inkalemera bwino m'manja. Kudambo inkasanduka sefa. Ogula anaphunzira kuti woweruza nsalu ndi madzi.

Nzeru imeneyi anthu a ku Nyasaland ndi ku Tete anapita nayo ku Southern Rhodesia. Ena anayenda pansi, ena anakwera malole a Ulere amene boma la kumeneko linayambitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo ena analembedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba antchito limene linakhazikitsidwa mu 1946. Ambiri anakathera m'makomboni a mafamu a fodya ndi chimanga a ku Mashonaland: Marandellas, Umvukwes, Trelawney, Karoi. Malipiro ankabwera munthu akadzaza tikiti ya masiku 30, ndipo gawo lina linkatsalira pa sitolo ya pa famu pomwepo, kubweza ngongole.

Taganizirani tsono munthu amene watenga mayadi atatu a kaki kapena a biriwita pa ngongole yoteroyo. Telala akadula nsalu isanaviikidwe, malaya amakwana tsiku loyamba lokha. Akachapidwa, manja akwera, msoko wakwinyika, utoto wathimbirira pa zovala zina, koma ngongole ili pomwepo. Kuviika kunali kudziteteza: nsalu ifupike isanayezedwe, isuluke isanasokedwe, ndipo ngati ndi yachinyengo idziwike telala asanalipidwe.

Mafakitale anali ndi yankho lawo. Mu 1930 Sanford Cluett wa ku America analembetsa njira yofupikitsira nsalu pa makina isanagulitsidwe. Ku Rhodesia komweko malo ofufuzira za thonje anatsegulidwa ku Gatooma mu 1925, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kampani ya David Whitehead inamanga fakitale ya nsalu ku Hartley, kumene lero ndi Chegutu. Nsalu inayamba kuombedwa pafupi ndi mafamu, koma amayi a m'komboni sanasiye beseni lawo. Munthu wosauka sangayese mwayi ndi chovala chimodzi chimene ali nacho.

Chimene chinafooketsa mwambowu ndi kaunjika, amene ku Zimbabwe amati mabhero. Chovala chochokera m'belo chinachapidwa kale ndi mwini wake woyamba, ndipo chilibenso kofupikira. Pamene mafamu anayamba kulandidwa mu 2000, antchito ambiri, ana ndi zidzukulu za machona aja, anachotsedwa m'makomboni, ndipo matelala awo anabalalika nawo limodzi.

Mwambo wotere sulembedwa m'mabuku a boma, chifukwa suoneka ngati mbiri. Komabe chitenje chatsopano chikafika pakhomo pa mayi anga ku Chinhoyi, chimayamba chagona m'chidebe, ndipo m'mawa amayang'ana mtundu wa madziwo asanatchule dzina la telala.