Waya wolowa m'nthaka

Chaka china mvula yoyamba ya Novembala inatipeza ku Chinzombo, pafupi ndi ulalo wa Mfuwe, titangomaliza kuimika eriyo ya wailesi ya CB panyumba ya mnzathu. Mphezi sinamenye nyumbayo, inagwa pa mtengo wa mupani chapatali. Komabe wailesi inanunkha chopserera n'kukhala chete. M'mawa tinaona kulakwa kwathu: waya wa earth tinali titangoukulunga pa msomali wozika mumchenga wouma. Tinanyoza waya umene mbiri ya wailesi inayambirapo.

Mu 1895, ku Italy, Guglielmo Marconi anali kuvutika kutumiza zizindikiro patali. Atakweza waya umodzi m'mwamba ndi kulumikiza mbali ina ya makina ake m'nthaka, zizindikirozo zinadutsa kaphiri n'kufika mtunda woposa kilomita imodzi. Nthaka inakhala theka lina la eriyo. Ntchito yachiwiri ya wayayu inadziwika kale m'zaka za m'ma 1750, pamene Benjamin Franklin anaonetsa kuti chitsulo chokwezedwa padenga ndi kulumikizidwa pansi chimapatsa mphezi njira yotsikira.

Kuno kwathu wailesi inayamba kuulutsa mawu ku Lusaka mu 1941, koma anthu akumidzi analibe pomvera. Mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, Harry Franklin, anagwirizana ndi kampani ya Ever Ready, ndipo mu 1949 inatuluka Saucepan Special, wailesi ya batire yooneka ngati poto, ya mtengo wa £5. Apa m'pamene agogo athu anayamba kumva Chinyanja ndi nyimbo za Alick Nkhata pakhomo pawo. Mawailesi ambiri a nthawiyo anali ndi timabowo tiwiri kumbuyo: kena ka waya wopita pamtengo, kena ka waya wolowa pansi. Mwini wailesi aliyense ankadziwa zonse ziwiri.

Ku Malambo wailesi yolankhulirana inali moyo weniweni. South Luangwa itakhala National Park mu 1972, ndiponso m'zaka za m'ma 1980 pamene opha njovu ndi zipembere anachuluka, magemu ndi misasa ya alendo analibe foni. Dzinja likatseka misewu, uthenga wa wodwala kapena wa mfuti zomveka kuthengo unkayenda pa wailesi basi. Ikapsa, msasa wonse unkakhala kwaokha mpaka wina atayenda wapansi.

CB imene ife timaseweretsa inakhazikitsidwa ku America mu 1958 pa 27 MHz, ndi matchanelo 23, amene anafika 40 mu 1977. Eriyo yake yoima imakhala pafupifupi mamita 2.7, ndipo imafunabe theka lake lija. Pagalimoto, thupi la galimotoyo limagwira ntchito imeneyi. Panyumba timaika mawaya atatu kapena anayi a utali womwewo m'munsi mwa eriyo. Koma mawaya amenewa ndi othandiza mawu okha, sateteza ku mphezi. Ife tinasokoneza ziwirizi.

Tsopano timachita motere. Timakhoma ndodo yokutidwa ndi mkuwa, ya mamita 2.4, pamalo osunga chinyontho, pakuti nthaka youma ya mu Okutobala siyendetsa bwino magetsi. Mlongoti timaulumikiza ku ndodoyo ndi waya wonenepa, waufupi, wosapindikapindika, womangidwa ndi kilampu, osati kungopota. Kebo ya eriyo imadutsa pa kachida kotchinga mphezi isanalowe m'nyumba. Ngati nyumba ili ndi earth ya magetsi kapena ya sola, ndodo zonse timazilumikiza pamodzi, kuti mphezi isadumphe kuchoka ku ina kupita ku inzake kudzera mu wailesi. Ndipo mitambo ikayamba kuda cha ku Muchinga, timazula kebo n'kuisiya panja, chifukwa palibe ndodo imene ingalonjeze zonse.

Inu a ku Chipata ndi ku Lusaka amene mukuganiza zoyamba CB, funsani kaye ku ZICTA za chilolezo. Kenako, musanagule maikolofoni yokongola, gulani ndodo ndi kilampu. Ife tinaphunzira wailesi itapsa kale, ndipo tinachita mwayi kuti usiku umenewo palibe amene anali ataigwira m'manja.