Mlonda wa pa Khomo la Ntchito za Boma

Mnyamata wa kwa Kabudula akatsiriza sukulu, nalemba kalata yofunsira ukalaliki m'Boma, sadziŵa amene adzaitsegule ku Likulu. Akuluakulu a pamudzi amangomufunsa funso limodzi: kodi kumeneko uli ndi mbale wako? Funsoli nlakale, ndipo silili la ku Malaŵi kokha. Ku Mangalande nako ntchito za Boma zinkaperekedwa kwa ana a anthu odziŵika, ndipo m'chaka cha 1854 kudatuluka lipoti la Northcote ndi Trevelyan lodzudzula khalidwelo. M'chaka chotsatira kudakhazikitsidwa bungwe loyesa ofuna ntchito, lotchedwa Civil Service Commission. Ndilo kholo la bungwe la dzina lomweli limene Malaŵi ali nalo lero.

M'dziko la Nyasaland nzeru imeneyi idafika mochedwa. Maudindo apamwamba adali a Azungu olembedwa ku London. Mwana wa kuno ankathera pa ukalaliki, umesenjala kapena utanthauziri wa kwa Disi. Sukulu za sekondale nazo zidali zoŵerengeka: ya Blantyre idatsegulidwa mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ya Dedza mu 1951. Ufulu utayandikira, mu 1960, Boma lidaitana Bambo A. L. Adu a ku Ghana kuti atsogolere komiti yofufuza njira yoloŵetsera eni dziko m'maudindo a Azungu.

Nkhaniyi ndiyo idathandiza kugaŵanitsa nduna zoyamba. Patangopita miyezi iŵiri chilandirire ufulu pa 6 Julaye 1964, nduna zidadandaula kwa Dr. Kamuzu Banda pa zinthu zingapo, monga tiki yolipira kuchipatala, lipoti la Skinner limene ogwira ntchito achikuda adaliona ngati loŵapondereza pa malipiro, ndiponso kuchedwa kopereka maudindo kwa Amalaŵi. Dr. Banda adakana kuchotsa Mzungu pa mpando chifukwa cha khungu lokha, popanda Mmalaŵi wodziŵa ntchitoyo. Mfundo yawo idali yomveka, koma yankho lawo lidali loŵaŵa. Mu Seputembala adachotsa Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Mayi Rose Chibambo, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Chipembere adatula pansi maudindo. Makalaliki ambiri a ku Zomba adali kumbali ya ndunazo, ndipo kuyambira pamenepo wogwira ntchito m'Boma ankayesedwa ndi miyeso iŵiri, wa maphunziro ndi wa kukhulupirika. Mpando waukulu koposa, wa mlembi wa Pulezidenti ndi nduna, udakhalabe m'manja mwa Mzungu, Bryan Roberts, kufikira 1972.

Dziko litasanduka lipabuliki la chipani chimodzi mu 1966, bungwe lolemba anthu ntchito, Public Service Commission, lidalipo ndithu. Linkalengeza malo, linkafunsa mafunso, ndipo nchosalungama kunena kuti onse amene lidaŵalemba adaloŵera pazenera. Chitukuko cha malimidwe cha Lilongwe Land Development Programme chitayamba mu 1968, midzi ya kumadzulo kwa Lilongwe idaona alangizi, opima malo ndi makalaliki a ngongole, ambiri a iwo ana a alimi wamba amene adapeza ntchito ndi satifiketi yawo. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, khomo lija lidayandikiranso kwa ana a ku Mpingu, Namitete ndi Nambuma. Koma mamembala a bungwelo ankasankhidwa ndi munthu mmodzi, ndipo Nyumba ya Malamulo idalibe mphamvu yoti nkumutsutsa. Mlonda wotere amatha kubweza mlendo, koma sangabweze mwini nyumba. Zidaoneka poyera mu 1989, pamene aphunzitsi ochokera Kumpoto adalamulidwa kubwerera kwawo. Sukulu za m'Chigawo cha Pakati ndi cha Kumwera zidataya aphunzitsi aluso, ndipo panalibe bungwe lotha kuŵaimira.

Olemba malamulo aakulu a dziko a 1994, chitatha chisankho cha riferendamu cha pa 14 Juni 1993, adali ndi mabala ameneŵa m'maganizo. Adapatsa bungweli mutu wakewake m'malamulowo, nalitcha Civil Service Commission. Adati likhale ndi wapampando, wachiŵiri wake, ndi mamembala ena osachepera asanu ndi mmodzi koma osapitirira khumi. Pulezidenti ndiye amatchula maina, koma komiti ya aphungu yoona za maudindo, Public Appointments Committee, iyenera kukhutira kuti anthuwo ngodziŵa ntchito. Nduna, phungu kapena munthu amene akali pa ntchito ya Boma saloledwa kukhalamo. Membala amakhala zaka zisanu, ndipo sangachotsedwe komiti ija isanavomereze chifukwa chake. M'chaka chomwecho lamulo la Public Service Act lidanenetsa kuti kuloŵa ndi kukwezedwa pa ntchito kuziyendera luso la munthu. Pambuyo pake aphunzitsi ndi a zachipatala adapatsidwa mabungwe awoawo, kotero namwino wa pa chipatala cha Kabudula ndi mphunzitsi wa ku Nsaru saloŵera khomo limodzi. Lamulo la 2013 loona za kusasiyanitsa amuna ndi akazi lidaonjeza kuti polemba anthu m'Boma, mbali imodzi isapitirire 60 pa 100 alionse.

Mpata udatsalabe. Aphungu amapima maina amene alandira, koma sabweretsa awo, ndipo munthu wosiyidwa chifukwa chosagwadira chipani dzina lake silifika nkomwe pa tebulo lawo. Alembi aakulu a maunduna, amene amayang'anira tsiku ndi tsiku onse olembedwa ndi bungweli, sadzera m'manja mwake. Amasankhidwa ndi Pulezidenti.