Jakaranda wa ku Bindura ndi Manja Amene Anamuthirira

Mwezi wa Okutobala ukafika, jakaranda amayala maluwa ake m'misewu ndi m'mabwalo a nyumba zakale za ku Bindura. Mtengowu si wa m'chigwa cha Mazowe. Kwawo ndi ku South America, monganso bougainvillea woyanga pamipanda uja, pomwe flamboyant wa maluwa ofiira anachokera ku Madagascar. Atsamunda ndiwo anabzalitsa mitengoyi m'tauni yomwe inayamba ngati msasa wa mgodi wa golide wa Kimberley Reefs, n'kusinthidwa dzina mu 1913 njanji itafika.

Mbiri ya maluwa m'chigawochi imakonda kutchula eni malo. Imakumbukira Harold Basil Christian, yemwe munda wake wa Ewanrigg, pamsewu wa ku Shamva, unatchuka ndi mitundu ya khonje wamaluwa wotchedwa aloe, ndipo unasanduka chuma cha boma iye atamwalira mu 1950. Ogwira khasu ndi kheni satchulidwa. Chikhalirecho, m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu za kuderali munadzaza amuna ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique, ena obwera wapansi, ena pa galimoto za Ulere kapena kudzera kwa Mthandizi. Amene sanalowe pansi ankaphika, kuchapa ndi kusadza mipanda ya bwana.

Kukomboni nkhani inali ina. Nyumba inali ya kampani, ndipo ntchito ikatha, nyumbanso yatha. Munthu wotere amabzala mpiru, chimanga ndi papaya, zoti adye chaka chisanathe. Jakaranda amafuna zaka zingapo kuti achite maluwa, ndiye angamubzale ndani pakhomo pobwereka? Mtchona amene anayika mtengo wamaluwa pabwalo lake anali atavomera mumtima kuti ku Dedza kapena ku Ntcheu sabwererako msanga.

Chodabwitsa n'chakuti mitengo yachilendoyi inalandiridwa msanga kuposa anthu oithirira. Palibe anafunsa jakaranda za mtundu wake. Koma lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ana ambiri a matchona, obadwira ku Trojan ndi ku Shamva komweko, akutchedwa alendo, osaloledwa kuvota. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, ngakhale kupeza chitupa chenichenicho kunakhalabe ulendo wa mizere yaitali ku maofesi a kalembera.