KODI NKHONDO IRI M'MWAZI WA MUNTHU?

Pali mau amene amamveka kawiri-kawiri pamene amuna akhala pabwalo madzulo, akuti, "Nkhondo sidzatha, pakuti munthu anabadwa nayo." Onena mau amenewa sasowa umboni. Amaloza ana awiri olimbirana cimanga coocha, amaloza atambala awiri a m'khola limodzi, nawerenganso nkhondo zonse zimene makolo athu anaziona. Koma mlandu sauweruza atamva mbali imodzi yokha. Tiyeni tsono tifunse mbiri ya dziko lathu lino la Ansenga, kuyambira ku Petauke kufikira ku Nyimba ndi kutsikira ku Luangwa, pakuti dziko limeneli lalawa nkhondo za mitundu-mitundu, ndipo likhoza kutiyankha.

M'mwezi wa November caka ca 1835, tsiku limene dzuwa linada usana, Zwangendaba ndi Angoni ace anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo. Iwowa anali anthu othawa nkhondo za Shaka kummwera. Anakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga, nalanda nkhokwe, natenga akazi ndi ana, ndipo pambuyo pace anapitirira kumpoto kufikira ku Ufipa, kumene Zwangendaba anamwalira. Mwana wace Mpezeni anabwerera ndi gulu lace, nalowanso m'dziko la Ansenga, kenaka nakhazikika kufupi ndi kumene kuli Chipata lero. Masiku amenewo anthu anagona m'malinga ndi m'mapiri, ndipo mkazi popita kumunda sanadziwe ngati adzaonanso mbumba yace.

Wina adzati, "Suona nanga? Angoniwo nkhondo inali m'mwazi mwao." Koma tiyeni tifunse kuti ankhondo a Mpezeni anali ayani. Amene anaoloka Zambezi anali owerengeka. Ambiri a iwo amene ananyamula cishango m'masiku a Mpezeni anali ana a Ansenga ndi Acewa, ogwidwa akali aang'ono kapena obadwa kwa akazi ogwidwa. Mnyamata amene akadakhala mlimi wa mapira kwa amalume ace analowetsedwa m'gulu la anzace a msinkhu umodzi, naphunzitsidwa kubaya ndi nthungo, nauzidwa kuti ulemu, ng'ombe ndi mkazi zidzacokera m'dzanja lace lamanja. Mbale wace wa bere limodzi amene anatsala kumudzi anali yemwe uja wothawira kuphiri. Mwazi unali umodzi. Cimene cinasiyana ndi maphunziro. Cinthu cimene munthu acita kuphunzitsidwa, ndi kumlonjeza mphotho akacicita ndi manyazi akacikana, sitinganene kuti anabadwa naco.

Cakumadzulo, m'cigwa ca Luangwa, kunali bvuto lina. Acikunda ocokera ku Zumbo ndi ku Feira, otsogozedwa ndi anthu onga Matakenya ndi Kanyemba, anakwera ndi mfuti kufuna minyanga ndi akapolo. Amenewa sanabwere cifukwa ca mkwiyo. Anabwera cifukwa kunyanja kunali msika wogula munthu ndi nsaru, mikanda ndi wonga. Msikawo utatsekedwa, nkhondo zimenezi zinazima monga moto wosowa nkhuni, cinkana mitima ya anthu inali yomwe ija.

Ufumu wa nthungo unatha m'mwezi wa January 1898. Kunamveka mbiri yakuti m'dziko la Mpezeni muli golidi, ndipo kampani ya North Charterland inali kuliyang'ana ndi maso a njala. Asilikari a Angerezi anabwera kucokera ku Nyasaland ndi mfuti zolira kosalekeza, ndipo zishango za cikopa sizinathe kuimapo. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anagwidwa naomberedwa, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Golidi wambiri amene anali kumuyembekeza sanampeze. Kunena zoona, Ansenga anapuma, natsika m'mapiri kukalima poyera. Koma mtendere umenewu unali wa mfuti. Unadza ndi msonkho, ndipo nthaka yabwino inapita kwa kampani, anthu napanikizidwa m'malo osakwanira.

Ndiponso amene analetsa nkhondo za mafuko ndiwo anaitanira anthu ku nkhondo zazikuru koposa. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna a m'midzi analembedwa utenga-tenga, kusenza katundu wa asilikari omenyana ndi Ajeremani kumalire a kumpoto, ndipo ambiri anafa ndi njala ndi nthenda osaona ndi mdani yemwe. Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 anyamata a Northern Rhodesia Regiment anafika ku Somaliland ndi ku Burma. Kodi mnyamata wa kwa Kalindawalo kapena wa kwa Ndake anali naco cifukwa canji ndi Mjapani, munthu amene sanamuonepo cibadwire? Apanso tiona kuti nkhondo imakonzedwa ndi owerengeka, ndipo ambiri amacita kutengedwa.

Tsono titembenuke tione mbali yina ya mlanduwu, imene olemba mbiri saikonda kwambiri cifukwa iribe phokoso. Pitani lero ku midzi ya Angoni a Mpezeni, mumvetsere cinenero cao. Mudzapeza kuti Cingoni ceni-ceni catsala m'nyimbo ndi m'mathokozo a mafumu, koma pamoto ndi pamtondo alankhula mau a Cinsenga. Akazi aja ogwidwa analera ana m'cinenero cao, ndipo cimene nthungo inalanda, bere linabweza. Lero Mngoni ndi Mnsenga ndi apongozi ndi alamu. Mwambo wa Nc'wala, umene unaleka Angoni atagonja, unayambanso m'caka ca 1980. Amuna amabvina ndi zishango ndi zibonga, koma palibe mudzi umene umathawa.

Taonaninso cimbuya ca Angoni ndi Abemba. Mitundu iwiriyi inamenyana koopsya m'masiku a makolo, koma zidzukulu zao zinasandutsa udaniwo nthabwala. Pamaliro a Mngoni, Mbemba ndiye agwira nchito, natonza ofedwa, nawapaka ufa kumaso, ndipo palibe wokwiya. Anthu amene anatha kupanga cibale ndi zipsyera za nkhondo sitingawanene kuti sadziwa mtendere.

Umboni wotsiriza ndi wa masiku a pafupi. Pamene nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inakula m'Mozambique, zigawenga zinalumpha malire ndi kupha anthu m'midzi ya cigawo cino ca kum'mawa. Pa nthawi yomweyo anthu zikwi-zikwi anathawira kuno, ndipo m'caka ca 1987 anawatsegulira malo ku Ukwimi, m'dera limene linali pansi pa boma la Petauke. Anapatsidwa minda, nalima, ana ao nalowa sukulu. Adani aja atasaina pangano la mtendere ku Rome m'caka ca 1992, ambiri anabwerera kwao. Mtundu womwewo wa anthu unaturutsa woocha midzi ndi wolandira mlendo. Akulu anati, mnzako akapsya ndebvu mzimire, mawa adzazima zako.

Nanga tsono tiweruze bwanji? Mkwiyo, nsanje ndi mantha ziri mwa munthu ali yense, ndipo sizidzacoka. Koma mkwiyo wa munthu mmodzi ubala ndeu, ndipo ndeu ithera pabwalo la mfumu ndi mbuzi kapena nkhuku. Kuti pakhale nkhondo pafunika zambiri: wotsogolera, wophunzitsa, wogulitsa zida, ndi cuma cimene wina aciyembekeza, kaya ng'ombe, kaya minyanga, kaya nthaka. Zonsezi ndi nchito za manja a anthu, ndipo cimene manja amanga, manja akhoza kumasula.

Komabe tisadzinyenge kuti mtendere wokhalitsa ndi cinthu congotola panjira. Uli ngati munda wa mapira: ukauleka caka cimodzi osapalira, chire libwerera. Kupalira kwace ndiko kugawa nthaka mwacilungamo, kuweruza milandu mosakondera, ndi kukana munthu ali yense wofuna mpando amene auza anyamata athu kuti mtundu wakuti-wakuti ndiwo mdani wao. Makolo athu anaigwira nchito imeneyi alibe sukulu. Ife amene tadziwa kuwerenga, tikailephera, sitidzakhala ndi ponamizira mwazi wathu.