Mbiri ya Moto wa m'Nyumba za ku Kafue

Kafue ndi tauni yokhala makilomita ngati 45 kumwera kwa Lusaka, pamene mtsinje wa Kafue utsiriza ulendo wace wa m'madambo akuru nuyamba kulowa m'mapiri. Mlendo wofika kumeneko mu Okutobala sangabvomere kuti malowo adziwa cisanu. Koma mu Juni ndi Julai nkhungu imadzuka pamtsinje kusanace, mphepo imalowa pansi pa zitseko, ndipo usiku wina kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10. Pamenepo nyumba iriyonse ifunsa kuti moto wa lero ugulidwa ndi ciani. Funsoli liri ndi mbiri yace, ndipo mbiriyo njodabwitsa, pakuti anthu okhala m'mbali mwa mtsinje umene upatsa Zambia magetsi oculuka, ambiri a iwo akali kuotha makala.

Njanji isanafike, dziko ili linali la Asoli, Atonga ndi Aila, pamodzi ndi Atwa amene ankakhala m'mabango ndi kupha nsomba. Kwa iwo moto sunali cinthu cogula. Mtengo wace unali khosi la mai wosenza mtolo wa nkhuni, ndi nkhwangwa ya bambo wogwetsa cikuni ca nyengo ya cisanu. Cikunico cinkanyeka pang'onopang'ono pakati pa nyumba usiku wonse, ndipo m'mamawa mwana ankangokoleza otsalawo ndi tiudzu. Kumadambo, kumene mitengo njosowa, abusa a Aila ankasonkha moto wa ndowe zouma m'khola la ng'ombe.

Koma coyenera kukumbukika koposa ndi nyumba yeniyeniyo. Inali yaifupi, ya mitengo yomatidwa ndi dothi mkati ndi kunja, ya khomo limodzi laling'ono ndi denga la udzu wocindikala. Dothi linkamwa kutentha kwa dzuwa usana ndi kukubweza usiku. Udzu unkasunga mpweya wofunda monga momwe bulangeti lisungira kufunda kwa thupi. Cotero moto waung'ono unkakwanira banja lonse. Si kuti zonse zinali zokoma ai. Utsi unkaononga maso ndi zifuwa, ndipo ana ambiri anakula ndi zipsera za moto umene anagweramo ali m'tulo.

M'caka ca 1906 njanji yocokera ku Victoria Falls inaoloka Kafue pa mlatho wa zigawo 13, wa mamita 427, ndipo caka comweco inafika ku Broken Hill, kumene lero kuchedwa Kabwe. Sitima zinkadya malasha okumba pansi ocokera ku Wankie, ndiko ku Hwange kwa masiku ano. Mau awa a malasha asokoneza ambiri: kwa Mnyanja wa ku Malawi malasha ndiwo okumba pansi, pamene m'matauni a Zambia dzinalo lipatsidwa kwa makala a mitengo. M'nkhani ino makala ndi a mitengo, malasha ndi a mgodi.

Pafupi ndi mlathowo panamera siteshoni, masitolo ndi nyumba za anchito. Apa ndipo moto unasanduka katundu. Munthu wolembedwa tikiti, wocoka m'mamawa ndi kubwera dzuwa litapendeka, analibe nthawi ya kuchire. Thengo la pafupi linatha msanga, ndipo nkhuni zinayamba kufika pamutu pa ogulitsa ndi pa ngolo za ng'ombe. Nyumba nazo zinasintha. Njerwa ndi malata zinaoneka ngati ulemu, ndipo zinalidi zolimba, zosapsa msanga. Koma lata ndi cinthu cosasunga kanthu. Usana liocha, usiku lizizira msanga kuposa mpweya womwe, ndipo kufunda konse kokwera kucokera pamoto kumalipeza liri lokonzeka kukupereka kunja. M'nyumba za Azungu munali siling'i ndi cumuni, m'makomboni munalibe. Wanchito anayamba kugula moto wambiri kuti afunditse nyumba youtaya.

Amuna akale a ku migodi akumbuka kuti ngakhale makampani akuru anagwa m'bvuto lomwelo. Nkhondo yaciwiri itatha mu 1945, njanji inalephera kunyamula malasha okwanira, ndipo migodi ya mkuwa inalemba anthu zikwizikwi kudula mitengo ya miombo yosonkhera ng'anjo zace. Nchitoyo inazirala pamene magetsi ocokera ku Congo anafika mu 1956. Njala ya moto imeneyi ndiyo inacititsa akuru a boma kuyang'ana ku mitsinje.

Pamenepo panabuka mkangano umene Kafue anagonja. Boma la Northern Rhodesia linabvomereza mu 1953 kumanga damu pa cigwembe ca Kafue, kumunsi kwa tauni, kumene mtsinje ugwa mwaphamphu m'mapiri. Koma caka comweco Federation inayamba, ndipo mu 1955 boma lace la ku Salisbury, lotsogozedwa ndi Godfrey Huggins, linasankha Kariba. Damu la Kariba linatha mu 1959, Atonga okwana ngati 57,000 atacotsedwa m'midzi yao ya m'cigwa ca Zambezi, ndipo macini opanga magetsi anaikidwa tsidya la kumwera. Nthambo zinaoloka mtsinje, zinapitirira dziko la Kafue ndi Lusaka, kulunjika ku migodi. Mai wa m'komboni anaziona kutali ali ndi mtolo pamutu.

Zinthu zinatembenuka pa 11 Novembala 1965, pamene Ian Smith analengeza ufulu wace wosabvomerezeka ku Rhodesia. Zambia, dziko la caka cimodzi cokha, inapeza kuti malasha ace, mafuta ace ndi magetsi ace zonse ziri m'manja mwa mdani. Boma la Kenneth Kaunda linatsegula migodi ya malasha ku Nkandabwe ndi ku Maamba, ndipo linafukula ganizo la Kafue limene linakwiriridwa zaka 10 zapitazo. Nchito inayamba mu 1967, omanga ace anali a kampani ya Energoprojekt ya ku Yugoslavia, dziko limene lero kulibe. Madzi anapatutsidwa kulowa m'ngalande ya m'thanthwe kuti agwe mamita pafupi 400 kufikira pa macini okhala pansi pa nthaka. Magetsi oyamba anaturuka mu 1971. Posakhalitsa mphamvu yace inali mamegawati 600, ndipo damu la Itezhi-Tezhi litatha mu 1977 inafika 900. ZESCO inakhazikitsidwa mu 1970.

Zaka zimenezo Kafue inasankhidwa kukhala tauni ya mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970, ndi malasha a ku Maamba. Kafue Textiles inaomba nsaru. Nyumba za Kafue Estates zinamangidwa za anchito ao. Amene analowa m'nyumba za magetsi anaona ngati mbaula yatha nchito. Magetsi anali ochipa, ndipo palibe anadzibvuta kuwerenga kuti citofu cadya zingati. Koma anthu obwera kudzafuna nchito anaculuka kuposa nyumba, nadzimangira okha m'malo monga Zambia Compound, ndipo kumeneko mbaula sinacoke pakhomo. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndipo makamaka m'zaka za m'ma 1990 pamene makampani a boma anagulitsidwa kapena kusiyidwa kudziyimira okha, mafakitale a Kafue anafota. Fakitale ya nsaru inatsekedwa, ya feteleza inacepetsa anthu. Ambiri amene anacotsedwa nchito anabwerera ku makala, ena monga ogula, ena monga oocha ndi ogulitsa.

Makala apambana cifukwa ca cinthu cimodzi: agulidwa ndi ndarama iriyonse imene munthu ali nayo m'dzanja. Wosakhoza kugula thumba agula kapepala ka madzulo amodzi. Komatu kugula kotere ndiko kodula koposa, pakuti thumba limodzi likagawidwa m'timapepala lipindulitsa wogulitsa, ndipo wosauka ndiye alipira moto mtengo woposa wa wolemera. Kutaya kuyambira kuthengo. Mu uvuni wa dothi, nkhuni zolemera makilo 5 kapena kuposa zipereka kilo imodzi yokha ya makala. Zotsalazo zipita m'mwamba ngati utsi. Ndipo kilo imeneyo ikafika pa mbaula ya citsulo yobooka ponseponse, gawo lalikuru la moto wace lithawira m'mbali osakhudza mphika. Mtengo wa zaka makumi angapo uthera kufunditsa mphepo ya pabwalo.

Magetsi nawo anaonetsa kuti ali ndi mbuye wao, ndiye mvula. Mu 1989 moto unaocha nthambo za m'nyumba ya macini ya Kafue Gorge, dziko nilikhala pa mabvuto miyezi yambiri; koma imeneyo inali ngozi ya kamodzi. Cilala ndico cibwera kawirikawiri. Mu 2015 magetsi anayamba kuzimitsidwa maora 8 pa tsiku. Mu 2017 mtengo wace unakwera ndi magawo 75 pa 100. Mu 2019 mdima unabweranso. Damu latsopano la Kafue Gorge Lower, la mamegawati 750, linayamba kupanga magetsi mu 2021 ndi kutsirizika mu 2023, koma nalonso limwa mtsinje womwewo. Pa 29 Febuluwale 2024 President Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala casanduka tsoka la dziko lonse, ndipo pofika Seputembala nyumba zambiri zinkakhala maora 21 pa tsiku zopanda magetsi. Caka comweco, mu Epulo, boma linaletsa kuocha makala m'maboma a Mumbwa, Shibuyunji ndi Itezhi-Tezhi. Tsono mai wa ku Shikoswe kapena ku Nangongwe anapanikizidwa mbali ziwiri: citofu ciri zii, ndipo thumba la makala lakwera.

M'zaka zonsezi maso a maboma anali pa kupanga moto wambiri. Za kusunga moto umene walowa kale m'nyumba zinasiyidwa kwa amai, kwa amisiri a malata a pamsika, ndi kwa mabungwe ang'onoang'ono. Komabe nzeru zimene zathandiza matumba a anthu zacokera kumeneko. Ku Kenya, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, amisiri anaika mbale ya dothi loocha mkati mwa mbaula ya citsulo. Dothilo likaniza moto kuthawira m'mbali, ndipo kacitseko ka pansi kalola wophika kucepetsa mpweya nyemba zikawira. Mbaula yotere ipulumutsa gawo limodzi mwa magawo 4 a makala, mwina kuposa, ndipo dothi lace likhala lofunda moto utazima. Ku Malawi amai aumba Chitetezo Mbaula ya nkhuni pa nzeru yomweyo. Ndi nzeru ya cipupa ca makolo, yabwerera m'maonekedwe ena.

Hita ya magetsi iyenera kuwerengedwa ndi pensulo. Ya zitsulo ziwiri, ciriconse ca mawati 1,000, idya mayuniti 2 pa ora. Ikayaka maora 5 madzulo onse idya mayuniti 300 pa mwezi, pamene babu la mawati 10 loyaka nthawi yomweyo silifika mayuniti 2. Ndipo popeza ZESCO igulitsa mayuniti oyamba a mwezi mochipa, otsatira modula, hita ikankhira nyumba yonse ku mtengo wapamwamba. Kuwiritsa lita imodzi ya madzi kudya ngati gawo limodzi mwa 10 la yuniti; madziwo akathiridwa m'botolo lolimba lotsekeka bwino, lokulungidwa m'nsaru, afunditsa mapazi a mwana mpaka pakati pa usiku.

Nyumba ya malata nayo ingathe kuphunzitsidwa. Siling'i, ngakhale ya mphasa kapena bango, ichinga kufunda kuti kusakhudze lata, ndipo mu Okutobala ichinganso kutentha. Mu Juni dzuwa lipendekera kumpoto, kotero zenera la kumpoto likatsegulidwa makatani usana, cipupa ndi pansi zimwa dzuwa laulere. Dzuwa likamalowa makataniwo atsekedwe. Cisaka cakale pansi pa citseko ndi mkeka pa simenti zicita zambiri kuposa maonekedwe ace. Cobvuta ncakuti ambiri a m'makomboni akhala m'nyumba za lendi. Mwini nyumba saika siling'i popeza si iye agula makala, ndipo wa lendi saika popeza nyumba si yace.

Pali malire amodzi amene nyumba yatsopano yaika, amene yakale inalibe. Denga la udzu linkapuma. Utsi unkapeza njira pakati pa udzu. Cipinda ca simenti ndi malata, cotsekedwa zenera ndi citseko, sicipuma. Makala oyaka m'menemo aturutsa mpweya wakupha wopanda fungo ndi wopanda maonekedwe, umene ulowa m'mwazi ndi kulanda malo a mpweya wabwino. Uyamba ndi mutu, cizungulire ndi mseru. Wogona sadzuka kuti aumve. Nyengo ya cisanu iriyonse mabanja m'matauni a Zambia aika maliro a anthu amene anagona ndi mbaula. Cifukwa cace mbaula iyatsidwe pabwalo, ikalowa m'nyumba zenera likhale lotsegula, ndipo ituruke onse asanagone, ngakhale makala aoneke ngati azima pansi pa phulusa. Wopezeka wofoka m'cipinda cotere aturutsidwe kunja msanga ndi kutengedwa ku cipatala, ngakhale atatsitsimuka nanena kuti ali bwino.